MWANA WOLOWERERA M'ZITHUNZI: KODI MANYAZI NDI MISOZI NDIKO KULAPA?

1. Funso lathu

Inu amene mulikukonzekera Ubatizo Woyera, ambiri mwa inu mudaona kale tizithunzi tating'ono timene akhristu amasunga m'buku la mapemphero, kapena amapacika pa khoma la nyumba. Ife amene tidaphunzira Cipwitikizi pa sukulu ya misyoni tinkatichula santinho, ndipo mwana woyankha bwino mafunso a katekisimu ankalandira kamodzi ngati mphotho yace. Tinkatikonda kwambiri, koma sitinkadziwa kumene mwambo umenewu udacokera, ngakhale nchito yace yeniyeni.

Lero ndifuna kuti zithunzi zoterezi zitithandize kuyankha funso limene limabvuta mtima wa munthu aliyense wocimwa. Funso lace ndi ili: munthu akacita coipa, nagwidwa ndi manyazi, nalira usiku wonse, kodi ameneyo walapa kale? Kapena kodi cilipo cina cimene catsala? Musaliyese laling'ono funso limeneli. Alipo anthu amene adalira misozi yambiri natayika ndithu, ndipo alipo ena amene adalira momwemo napulumuka. Tiyenera kudziwa cimene cidawasiyanitsa, cifukwa tsiku lina ife tomwe tidzaima pa mphambano yomweyo.

2. Zithunzi ndizo buku la osadziwa kuwerenga

Eklezia sadapeputse zithunzi. Ca m'ma 600, episkopi wa mzinda wa Marseille, dzina lace Serenus, adaphwanya zithunzi za m'machalichi ace poopa kuti anthu angazipembedze. Papa Gregorio Wamkulu adamlembera makalata. Adamuyamikira cifukwa coletsa kupembedza zithunzi, koma adamdzudzula cifukwa coziphwanya, namkumbutsa kuti cimene odziwa kuwerenga amacipeza m'buku, osadziwa kuwerenga amacipeza pa cithunzi. M'caka ca 787 Msonkhano wa Aepiskopi wa ku Nicaea udaphunzitsa kuti ulemu umene tipereka kwa cithunzi umapitirira kunka kwa mwini wace wojambulidwayo. Msonkhano wa ku Trento udabwereza ciphunzitso comweco m'caka ca 1563.

Koma kwa zaka mazana ambiri zithunzi zinali za m'chalichi ndi za m'nyumba za olemera zokha, popeza ciliconse cinkajambulidwa pamanja, cimodzicimodzi. Zinthu zidasintha ca m'ma 1400, pamene pepala lidayamba kupezeka mosabvuta ku Ulaya. Amisiri adayamba kusema cithunzi pa thabwa, kulipaka inki, ndi kulidinda pa pepala. Thabwa limodzi linkabala zithunzi mazana. Cimodzi mwa zakale kwambiri zimene zili ndi caka cace ndi ca Kristofa Woyera, colembedwa 1423, cimene cidapezeka m'buku lina ku nyumba ya amonke ya ku Buxheim, m'dziko la Jeremani. Pa nthawi imeneyo Gutenberg anali asanasindikize Baibulo lace, limene lidatuluka ca m'ma 1455. Tsono cithunzi codinda cidafika m'manja mwa wosauka buku lodinda lisanafike. Anthu a pa ulendo wa ku malo oyera ankagula timapepala timeneti pa mtengo wocepa, nakatimata pa khoma kapena m'kati mwa bokosi la zobvala.

Pambuyo pace amisiri adaphunzira kugoba cithunzi pa mbale ya mkuwa ndi kacitsulo kakuthwa. Akatha kugoba amapaka inki pa mbale yonse, kenaka napukuta pamwamba, kotero kuti inki imatsala m'timizere togobedwato. Ndipo amaika pepala lonyowa pang'ono pa mkuwa, napanikiza zolimba ndi makina, pepala nkumwa inki ya m'timizere. Musaiwale mbale ya mkuwa imeneyi, cifukwa tidzabwereranso kwa iyo.

3. Pakati pa nkhumba

Nkhani ya kulapa imene amisiri adaikonda koposa ndi fanizo la mwana wolowerera, limene Ambuye Yesu adaphera anthu pa Luka 15:11-32. Mulikulidziwa. Mwana wamng'ono adapempha gawo lace la cuma atate ace ali moyo, napita ku dziko lakutali, namwaza zonse m'makhalidwe oipa. Njala itagwa, adakalowa nchito yoweta nkhumba, nyama imene Ayuda amaiyesa yonyansa, mpaka adasirira makoko amene nkhumbazo zinkadya.

Ca m'ma 1496, mnyamata wa ku Nürnberg dzina lace Albrecht Dürer adagoba nkhani imeneyi pa mkuwa. Iye adabadwa m'caka ca 1471, ndipo atate ace anali mmisiri wosula golide, motero dzanja lace lidazolowera citsulo akali mwana. Cithunzi cace ndi cacing'ono, cosapitirira tsamba la buku lalikulu, koma kuona maso a nkhono nkudekha. Mukaciyang'ana mofatsa, muona mudzi wa alimi a kwao kwa Dürer, nyumba za madenga osongoka zimene zayamba kugumuka, ndi bwalo lodzaza ndi ndowe. Pakati pa bwalopo nkhumba zikulimbirana pa codyera cao, tiana ta nkhumba tikuthamangira pomwepo. Ndipo pakati pa nkhumbazo wagwada munthu wopanda nsapato, wapinda manja ace zolimba, maso ace ali kumwamba.

Mthenga Wabwino sunena kuti mwana uja adagwada pakati pa nkhumba. Umangotiuza kuti nzeru zidambwerera, nakumbukira kuti anchito a atate ace amadya nakhuta pamene iye alikufa ndi njala. Dürer adafuna kuonetsa ndi maondo cimene cidacitika mumtima, pakuti mtima sujambulika. Ndipo adatiphunzitsa coona cacikulu: kulapa kumayamba pamene munthu aleka kudzinamiza. Amayang'ana pamene wakhala, nabvomera kuti pano mpa nkhumba, ndipo palibe adanditumiza, ndidabwera ndekha. Munthu amene akali kunena kuti adamcimwitsa ndi mowa, kapena mkazi wa mnzace, kapena mfiti, ameneyo sanafike ngakhale pa ciyambi.

Koma taonaninso. Pa cithunzi ca Dürer atate palibe. Mwanayo akali ku dziko lakutali, nkhumba zikali pambali pace. Akadagwada pomwepo zaka khumi, akulira tsiku ndi tsiku, akadafera pomwepo. Manyazi adamtsekula maso, koma manyazi alibe miyendo.

4. Petro ndi Yudasi

Kuti timvetse bwino, tiyeni tisiye mwana uja kanthawi, tione anthu awiri amene adacimwira Ambuye usiku umodzi. Ku London, m'nyumba yosungiramo zinthu zakale yochedwa British Museum, kuli timatabwa tinayi ta mnyanga wa njobvu timene tidasemedwa ca m'ma 420 kapena 430. Pa kamodzi tikuona Petro alikukana Ambuye, tambala ali pamwamba pace. Pa kena tikuona Ambuye Yesu pa mtanda, ndipo pambali pomwepo Yudasi alikulendewera pa mtengo, thumba la ndalama litagwa pansi pa mapazi ace, ndalama zitamwazika. Mmisiri wakaleyo adaika mitengo iwiri pafupi: mtengo wa cipulumutso ndi mtengo wa kutaya mtima.

Musaganize kuti Yudasi analibe cisoni. Mateyo Woyera, pa mutu 27, atiuza kuti adamva cisoni, adabweza ndalama zasiliva 30 zija, ndipo adabvomera pamaso pa akulu a ansembe kuti adapereka munthu wosalakwa. Onani: cisoni cinalipo, kubvomera kunalipo, ngakhale kubweza kunalipo. Nanga cidasowa nciani? Yudasi adayang'ana chimo lace lokha, naliona lalikulu kupambana cifundo ca Mulungu. Adapita kwa anzace a ciwembu, osapita kwa Iye amene adamlakwira.

Petro nayenso adalira kowawa tambala atalira. Mmisiri El Greco, amene ankakhala ku Toledo m'dziko la Spain, adajambula misozi ya Petro kangapo, ndipo pa zithunzi zimenezo maso a Petro, odzaza ndi misozi, amayang'ana kumwamba. Petro sadathawe gulu la ophunzira. Adadikira pamodzi ndi anzace, ndipo pa mbali ya nyanja ya Tiberiasi Ambuye atauka adamfunsa katatu za cikondi cace, monga momwe iye adawakanira katatu. Misozi ya anthu awiriwa inali yofanana kuwawa kwace. Kusiyana kunali pa kumene aliyense adalozetsa nkhope yace.

Cifukwa cace tsono tiyankhe mbali yoyamba ya funso lathu: iai, manyazi ndi misozi pazokha sindiko kulapa. Zingathe kukhala khomo la kulapa, zingathenso kukhala khomo la imfa.

5. Pakhomo pa atate

Tsopano tibwerere kwa mwana wolowerera, timtsate kufikira kwao. Mmisiri amene adzatiperekeza ndi Rembrandt, wa ku dziko la Holland, wobadwira ku Leiden m'caka ca 1606. Iye sanali Mkatolika, koma adawerenga Malembo Oyera ndi maso akuthwa, ndipo coona cikaoneka sitifunsa kuti cadzera khomo liti.

Ca m'ma 1635, ali wolemera ndi wochuka ku Amsterdam, adadzijambula yekha ngati mwana wolowerera ali m'nyumba ya mowa, atakweza cikho m'mwamba, akuseka, mkazi wace Saskia atakhala pa miyendo pace. M'caka ca 1636 adakonza cithunzi ca pa mkuwa ca kubwerera kwa mwanayo. Pamenepo tikuona mwana woonda, nthiti zili pamtunda, ali ndi kansanza m'cuuno mokha, wagwa cogwada pa makwerero a nyumba, ndodo yace ili pansi. Atate aponya phazi lalitali kudza kwa iye, awerama namfungatira. Kumbuyo anchito alikutsika ndi zobvala ndi nsapato, ndipo mai wina alikusuzumira pa zenera.

Zitatha izi moyo udamsautsa Rembrandt. Ana ace atatu adamwalira ali makanda. Saskia adamwalira m'caka ca 1642. M'caka ca 1656 ngongole zidamgonjetsa, ndipo katundu wace ndi nyumba yace zidagulitsidwa. Mwana wace Titus adamwalira m'caka ca 1668, iye mwini natsatira m'caka ca 1669. M'zaka zotsiriza zimenezo adajambulanso nkhani yomweyi ndi utoto pa nsaru yaikulu, yotalika kupitirira mamita awiri ndi theka. Cithunzico cidagulidwa ndi mfumukazi Catherine ya ku Russia m'caka ca 1766, ndipo cili m'nyumba ya Hermitage, mu mzinda wa Saint Petersburg.

Pa cithunzi cotsirizaci mulibe kuthamanga, muli bata lokha. Mwana wagwada, watifulatira, mutu wace ngometa ngati wa kapolo, wautsamiza pa cifuwa ca atate ace. Nsapato imodzi yabvuka, phazi lili pamtunda, ndipo inzace yatha ku cidendene. Mapazi amenewo ndiwo mboni yakuti munthuyu sadangolira, koma adanyamuka nayenda ulendo wonse. Nkhope yace sitiiona bwino, ndipo misozi yace mmisiri sadationetse. Kuwala konse kwagwera pa nkhope ya nkhalamba ndi pa manja ace awiri amene awasanjika pa msana wa mwana. Rembrandt ali mnyamata adaika mtima pa umphawi wa mwana. Atakalamba adaika mtima pa manja a atate.

Apa ndipo pali yankho lonse. Kulapa kumayamba ndi kudziona wekha, koma kumakwanira pamene waona Atate, nunyamuka kupita kwa Iwo. Katekisimu imatiphunzitsa mitundu iwiri ya cisoni. Cilipo cisoni cobadwa ndi mantha a cilango ndi kunyansidwa ndi kuipa kwa chimo. Cimeneci ncabwino, ndi mphatso ya Mulungu, ndipo cimamkonzera munthu njira ya ku Sakramenti la Kulapa. Cilipo cisoni cangwiro, cobadwa ndi cikondi, pamene munthu amva kuwawa cifukwa walakwira Mulungu amene ali wabwino koposa zonse. Mwana uja adanyamuka cifukwa ca njala, ndipo atate sadamkanize cifukwa ca ico. Koma m'manja mwa atate ndimo adaphunzira kukula kwa cimene adacita, pakuti munthu sadziwa kulemera kwa chimo lace kufikira ataona cikondi cimene adaciponda.

Makolo athu adaidziwa nkhani yotere. Amuna ambiri adapita ku migodi ya ku Joni ndi ku mafamu a ku Rhodesia, ndipo ena sadabwerere, nasanduka machona. Si onse amene adaiwala kwao. Ena ndalama zidawathera, nacita manyazi kufika pa mudzi cimanjamanja. Ankati ndiyambe ndapeza kanthu, caka cinatha, cina cinatha, mpaka mai wao adamwalira akali kuyang'ana ku njira. Manyazi omwewo amene akadawabweza ndiwo adawamanga. Akulu adati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Inunso musanene kuti ndiyambe ndakhala wabwino ndipo ndidzapite kwa Mulungu. Mwana wolowerera adafika ndi nsanza zace, ndipo cobvala adacipeza komweko.

6. Munthu woima pambali

Pa cithunzi cacikulu ca Rembrandt pali munthu wina wamtali woima ku dzanja lamanja, wobvala mwinjiro wofiira ngati wa atate, manja ace atawagwirizanitsa pa ndodo. Ambiri amati ameneyu ndiye mwana wamkulu. M'fanizo, iye anali ku munda pamene mng'ono wace ankafika, koma mmisiri adamuika pomwepo kuti tione manja a mitundu iwiri: manja otambasuka a atate, ndi manja ofumbata a mkulu wace.

Mwana wamkuluyo sadabe, sadamwaze cuma, sadacoke pa mudzi. Komabe phwando litayamba adakwiya nakana kulowa, kotero kuti atate adaturukanso kaciwiri kukampepesa. Ambuye Yesu sadatiuze ngati iye adalowa. Nkhani adaisiya yosatseka, cifukwa oyenera kuitsiriza ndife.

Pano ndilankhula ndi akhristu akale, ndi ine ndemwe katekista wanu. Munthu amene adatayika zaka zambiri akabwerera mu mpingo, kodi timamlandira ndi manja ati? Kawirikawiri timanong'onezana za mbiri yace pakhomo pa chalichi. Dziwani kuti munthu angathe kukhala kutali ndi Atate ali m'bwalo la Atate lomwe. Kulapa kwa wotereyu nkobvuta koposa, cifukwa alibe nkhumba zomkumbutsa pamene wagwa.

7. Pepala ndi mbale ya mkuwa

Catsala cinthu cimodzi. Ndidakupemphani kuti musaiwale mbale ya mkuwa. Ngati pa cithunzi pali colakwa, mmisiri angang'ambe pepala, koma akadindanso, colakwa comweco cidzatuluka, cifukwa cidagobedwa mu mkuwa. Angang'ambe mapepala zana, sicidzasintha. Wofuna cithunzi catsopano ayenera kubwerera ku mkuwa, kupala mizere yakale ndi kugoba ina. Rembrandt adacita zimenezi ndi cithunzi cace ca mitanda itatu ya pa Kalvario, ca m'caka ca 1653: patapita zaka adapala anthu ena pa mkuwa, nagoba ena, cithunzi nkusinthika kwambiri.

Macimo athu a tsiku ndi tsiku ali ngati mapepala, ndipo mtima ndi zizolowezi zace ndiwo mkuwa. Madzi saiwala khwawa. Munthu amene amenya mkazi wace Loweruka liri lonse, nalira Lamulungu m'mawa, ameneyo alikungong'amba mapepala. Nchifukwa cace Msonkhano wa ku Trento, m'caka ca 1551, udaphunzitsa kuti wolapa ayenera kucita zitatu: kumva cisoni pamodzi ndi kutsimikiza mtima kuti sadzacimwanso, kuulula macimo ace kwa wansembe, ndi kucita malipiro. Wakuba mbuzi abweze mbuzi. Wonamizira mnzace ufiti akatsuke dzina la mnzaceyo pamaso pa anthu omwe adamva bodzalo. Wodziwa kuti njira yakuti imamfikitsa ku chimo aleke kuyenda njira imeneyo. Kupala mkuwa kumapweteka, ndipo sitingathe ndi mphamvu zathu zokha. Mmisiri weniweni ndi Mzimu Woyera, ife nchito yathu ndi kupereka mbale m'manja mwace.

Inu akatekumeni, Ubatizo udzakucotserani macimo onse, chimo lobadwa nalo ndi macimo amene mudacita inu eni, ndipo simudzafunika kuwaulula kwa wansembe musanabatizidwe. Koma madziwo afuna kupeza mtima wotembenuka. Ndipo mukadzagwa mutabatizidwa kale, musadzataye mtima ngati Yudasi: khomo la Sakramenti la Kulapa lidzakhala lotsekula.

Pomaliza, cenjerani ndi kapepala kamene mudzalandira. Si cithumwa ai. Sikateteza nyumba kwa afiti, sikaciritsa malungo, ndipo sikangalape m'malo mwanu. Kakanyowa kamang'ambika ngati pepala lina liri lonse. Nchito yace ndi kukukumbutsani tsiku ndi tsiku kuti Atate aima pakhomo, alikuyang'ana ku njira. Mukakayang'ana madzulo, dzifunseni kuti lero ndili pati: pakati pa nkhumba, pa njira, m'manja mwa Atate, kapena ndaima pambali ndi manja ofumbata? Ndipo mukapeza yankho, nyamukani.

Mafunso okambirana

1. Papa Gregorio adamuyamikira ciani episkopi Serenus, ndipo adamdzudzula ciani?
2. Petro ndi Yudasi onse awiri adamva cisoni. Adasiyana pati?
3. Nsapato zakutha za mwana wolowerera zitiphunzitsa ciani?
4. Kodi m'mudzi mwanu kapena mu mpingo mwanu alipo munthu amene manyazi amamletsa kubwerera? Inu mungamthandize bwanji?
5. Chulani zinthu zitatu zimene wolapa ayenera kucita.

Pemphero

Atate acifundo, Inu mumationa tikali kutali. Titsekuleni maso kuti tione pamene tagwa, tilimbitseni miyendo kuti tibwerere kwa Inu, ndipo mufewetse manja athu kuti tilandire abale athu monga momwe Inu mwatilandirira. Tikupempha zimenezi kudzera mwa Khristu Ambuye athu. Amen.